Katiriji yodula kapena phono stage? Yankho kwa wokonda mbale wa ku Nchalo

Bambo wina wa ku Nchalo m'boma la Chikwawa wanditumizira uthenga uwu, ndipo ndaufupikitsa pang'ono: "Malemu bambo anga anandisiyira mbale zambiri zomwe anabwera nazo kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, za simanjemanje, kwela, rumba ndi zina za kwaya. Galamafoni yawo ya Technics, yoyendera lamba, ikuzungulirabe. Koma ndikailumikiza ku home theatre yanga mawu amamveka chapansipansi, opyapyala, opanda besi, ndipo ndikakweza voliyumu pamabwera kulira kwa mmmm. Nyimbo zakumapeto kwa mbale zimamveka zosasa. Mphwanga wa ku Johannesburg akubwera pa Khirisimasi ndipo akufuna kundigulira katiriji yodula ya mtundu wa MC, akuti ndiyo mapeto a zonse. Mnzanga wina akuti ndigule phono stage. Ndalama ndi zochepa. Ndiyambe chiti?"

Zikomo bambo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Pa zonse mwafotokozazi palibe chosonyeza kuti galamafoni ya malemu yafa. Madandaulo anu ndi atatu ndipo lililonse lili ndi gwero lake. Kuchepa kwa mawu ndi kusowa kwa besi ndi nkhani ya phono stage, kabokosi komwe kamaikidwa pakati pa galamafoni ndi ampulifaya. Kulira kwa mmmm ndi nkhani ya mawaya ndi magetsi. Kusasa kwa nyimbo zakumapeto kumachokera ku singano, litsiro ndi kachunidwe ka mkono. Katiriji ndi kabokosi ka kumutu kwa mkono komwe kamanyamula singano, ndipo ya MC (moving coil, momwe mumagwedezeka makoyilo) sithetsa vuto loyambalo, lachiwirilo ilikulitsa, ndipo lachitatulo lingathe ndi ndalama zochepa kwambiri kuposa mtengo wake. Mumuimbire mphwanuyo lero lomwe asanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi kuchepa kwa mawu. Singano ikamayenda m'kanjira ka mbale imanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumagwedeza kamaginito komwe kali pafupi ndi makoyilo m'kati mwa katiriji. Magetsi omwe amatuluka pamenepo ndi ochepetsetsa. Katiriji wamba yotereyi, yotchedwa MM (moving magnet), imatulutsa mamilivoti apakati pa 3 ndi 5, pomwe bowo la AUX kumbuyo kwa home theatre yanu linapangidwira zinthu ngati DVD ndi dikoda, zomwe zimatumiza mamilivoti mazanamazana. N'chifukwa chake mukupotokola voliyumu mpaka kumapeto koma nyimbo ikungonong'ona.

Besi ali ndi nkhani yakeyake. Mbale zimadindidwa mawu atapotozedwa dala. Besi akanalowa momwe alili, kanjira kakanatakata kwambiri moti mbali imodzi ya mbale ikananyamula nyimbo zochepa chabe, ndipo singano ikanamadumpha. Ndiye pojambula amachepetsa besi n'kukweza mawu akuthwa, motsata muyezo wa RIAA womwe makampani a mbale a ku America anagwirizana mu 1954. Pansi penipeni pa besi amachotsa pafupifupi 20 dB (dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu), pamwamba penipeni pa mawu akuthwa amawonjezera pafupifupi 20 dB. Phono stage ndi kabokosi kobweza zonsezi m'malo mwake: kamakweza besi, kamatsitsa mawu akuthwa limodzi ndi phokoso la sssss, ndipo kamachulukitsa mphamvu pafupifupi ka 100. Popanda kabokosi kameneka, ngakhale mutavalika katiriji ya mtengo wa ng'ombe, mawu adzakhalabe opyapyala. Mnzanu uja ananena zoona.

Musanagule, yesani kaye kuti mumve ndi makutu anu. Anyamata oimbitsa nyimbo pa zinkhoswe ndi maukwati ambiri ali ndi mikisa yokhala ndi kabatani kolembedwa PHONO mbali ina, LINE mbali ina. Bwerekani madzulo amodzi, lowetsani galamafoni pa PHONO, ndipo kuchokera mumikisamo mupite ku AUX. Ampulifaya akale a m'ma 1970 ndi 1980, a Pioneer, Sansui, Kenwood ndi ena, nawonso pafupifupi onse ali ndi bowo la PHONO, ndipo ambiri phono stage yawo ndi yabwino kuposa timabokosi totchipitsitsa ta masiku ano. Ngati malemu anasiya ampulifaya yotere m'chipinda, ifukuleni. Bowo la MIC lokha musaliyese. Limakweza mawu ndithu, koma silibweza besi, ndipo mungaganize kuti vuto ndi katiriji pomwe si choncho.

Ngati muyenera kugula, phono stage ya MM yokha ikukwanirani. Behringer PP400 ndi yotchipa ndipo imagwira ntchito. ART DJ Pre II ndi Pro-Ject Phono Box zili patsogolo pake. Kwa ife a kuchigwa kuno ndimakondera ya ART ija chifukwa cha kabatani kamodzi kolembedwa low cut. Mbale zomwe zakhala zaka zambiri m'nyumba ya malata ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula, zochepa ndi zomwe zatsala zowongoka bwinobwino. Mbale yopindika ikamazungulira, mkono umakwera ndi kutsika, ndipo mudzaona pepala la sipika ya besi likupuma, kutuluka ndi kulowa, popanda mawu omveka. Kupuma kumeneko kumadya mphamvu ya ampulifaya ndipo kumatopetsa sipika. Low cut imadula kugwedezeka kumeneko n'kusiya nyimbo. Pa makina ena kabatani komweka kamalembedwa subsonic.

Tsopano kulira kwa mmmm. Yang'anani kumbuyo kwa galamafoni. Pambali pa mawaya awiri aja, ofiira ndi oyera, payenera kukhala kawaya kachitatu kowonda, kapena kasikuluwu kolembedwa GND. Ndimapeza kawirikawiri kawaya kameneka katangolendewera kuseri kwa kabati, kapena wina anakadula poganiza kuti n'kopanda ntchito. Kamayenera kumangidwa pa sikuluwu ya GND ya phono stage kapena ya ampulifaya. Home theatre yanu ilibe pomangira, n'chifukwa chake kulirako kukusowa kothawira. Mukamanga kawayako, nthawi zambiri phokoso limazima pomwepo ngati mwathimitsa fani. Pukutaninso mapulagi a mawaya awiri aja mpaka awale, chifukwa chinyezi cha m'dzinja chimawachititsa dzimbiri lobiriwira. Waya wochokera ku galamafoni kupita ku phono stage akhale wamfupi, mita imodzi kapena kuposera pang'ono. Wautali mumuike pambuyo pa phono stage. Ndipo matchaja a foni, ma extension ndi thiransifoma ya ampulifaya zikhale patali ndi mutu wa mkono.

Palinso gwero lina lomwe lachuluka masiku ano. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, mabanja ambiri anadalira sola ndi mainveta. Mainveta otchipa, olembedwa modified sine wave, amatulutsa magetsi okhakhala, ndipo phono stage imakweza kukhakhalako limodzi ndi nyimbo, n'kumveka zzzz wakuthwa. Kuti mudziwe, imbani mbale imodzimodziyo pa magetsi a ESCOM, kenako pa inveta. Ngati kulirako kukubwera pa inveta pokha, katiriji ilibe mlandu. Inveta ya pure sine wave imathandiza. Phono stage yodya 12V DC mutha kuipatsanso kabatire kakekake komwe sikanalumikizidwe ku inveta kapena ku sola pa nthawiyo, bola mutsimikize pomwe pali + ndi pomwe pali −, chifukwa mukatembenuza mwaotcha. Magetsi akathima kapena kukamachita ziphaliwali, zulani mapulagi onse kukhoma.

Apa mpomwe MC imagwera. Katiriji ya MC yeniyeni imatulutsa mamilivoti apakati pa 0.2 ndi 0.5, ndiye imafuna phono stage yochulukitsa mphamvu pafupifupi ka 1,000. Chilichonse cholira m'nyumba mwanu chidzakwezedwa kakhumi kuposa pa MM. Kuwonjezera apo, singano yake sisolola. Ikathyoka, kaya mwana waigwira kaya nsalu yopukutira yaikola, katiriji yonse iyenera kutumizidwa kunja kukakonzedwa kapena kugula ina. Sindikunyoza MC. Denon DL-103, yomwe inapangidwira nyumba zoulutsira mawu za ku Japan m'ma 1960 ndipo ikupangidwabe, imaimba mokoma kwabasi pa mkono wolemera woiyenera. Koma mkono wa Technics zoyendera lamba ndi wopepuka, ndipo kuika MC pamenepo mbale zili zosatsuka kuli ngati kugula matayala atsopano a ngolo yomwe ekiselo yake inapindika.

Kusasa kwa nyimbo zakumapeto kuli ndi chifukwa chomveka. Mbale yaikulu ya LP imazungulira ka 33⅓ pa mphindi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma kunja kwake kanjira kamadutsa pansi pa singano pa liwiro la masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, pomwe pafupi ndi pepala la pakati liwirolo limatsika kufika cha m'ma 20. Mawu omwewo amapanikizana pa malo ochepa, tokhotakhota ta m'kanjira timathinana, ndipo singano yotha kapena yoikidwa mopendeka imalephera kutitsata. Oimba akamatchula "s" mumamva ngati akulavula. Singano yomwe ili pa galamafoniyo, ngati ndi yomwe malemu ankaimbira, musaiikenso pa mbale yomwe mumaikonda. Dayamondi ya kunsonga kwa singano ikaperepeseka imakhala ndi m'mbali mwakuthwa, ndipo imapala kanjira nthawi iliyonse ikadutsa. Mawu opalidwawo sabwereranso.

Palinso china chomwe anthu a kumtunda kozizira sachiganizira kwenikweni. Kandodo konyamula dayamondi kamakhazikika pa kamphira kakang'ono m'kati, ndipo kamphirako ndi komwe kamalola singano kuvina. Kuno mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo pansi pa malata kumaposa pamenepo. Mphira umakalamba msanga m'malo otere. Mwina umauma gwa, singano n'kumadumpha ngakhale kulemera kuli koyenera, mwina umafooka, mimba ya katiriji n'kutsika mpaka kutsala pang'ono kukhula mbale. Ndaonapo singano zambiri dayamondi yake idakali yabwino koma kamphira katatheratu. N'chifukwa chake kwa munthu wa ku Chigwa cha Shire ndimalimbikira katiriji ya mtengo wapakati yomwe singano yake mungaisolole ndi zala n'kuvalika ina, popeza kamphirako kamabwera limodzi ndi singano yatsopano.

Kuti mudziwe choitanitsa, yang'anani mutu wa mkono. Ngati katiriji yamangidwa ndi masikuluwu awiri pamwamba, otalikirana mamilimita 12.7, muli ndi mtundu wofala ndipo mwayi wosankha ndi waukulu. Ngati yangolowetsedwa kumapeto kwa mkono n'kugwidwa ndi kasikuluwu kamodzi kam'mbali, umenewo ndi mtundu wa P-mount, womwe umalembedwanso T4P, ndipo Technics zambiri za m'ma 1980 zili choncho. Pa P-mount nkhani ndi yaifupi: itanitsani Audio-Technica AT85EP, kapena AT81CP yotchipirapo, lowetsani, mangani kasikuluwu, basi. Kulemera kwake kunachunidwa kale ku fakitale pa magalamu 1.25.

Pa mtundu wa masikuluwu awiri, ine ndikanasankha banja la Audio-Technica AT-VM95. Thupi lake ndi limodzi, zimasiyana ndi singano zokha. Ya buluu, VM95C, ili ndi nsonga yobulungira. Yobiriwira, VM95E, nsonga yake ndi yowonda m'mbali ndipo imatsata bwino tokhotakhota. Yofiira, VM95ML, ndi yowonda koposa, ndipo pa kusasa kwa kumapeto kwa mbale ndiyo mankhwala enieni. Kampaniyo imati yabuluu imakhala maola pafupifupi 500, yobiriwira 300, yofiira 1,000. Mutha kuyamba ndi yobiriwira chaka chino, n'kudzagula singano yofiira yokha m'tsogolo osamasulanso sikuluwu ngakhale imodzi. Ortofon 2M Red ilinso bwino ndipo imalandira singano ya 2M Blue, koma kwa makutu anga imawala kwambiri pa mbale zakale zokandika, ndipo imaonetsa kuthetheka kulikonse. Ngati mupeza kuti katiriji ya malemu ndi ya Shure, dziwani kuti kampaniyo inasiya kupanga makatiriji mu 2018, ndiye singano zomwe zikugulitsidwa tsopano zambiri ndi za makampani ena, zina zabwino, zina zachabechabe.

Ngati m'bokosi la malemu mwachuluka timbale ting'onoting'ono ta 45, tomwe tinavinidwa m'mapwando ndi masingano olemera a nthawi imeneyo, singano yabuluu ija musainyoze. Nsonga yobulungira imakhululuka zambiri, ndipo simanjemanje imatuluka yonenepa bwino. Ambiri amasunga ziwiri, yabuluu ya timbale totopa ndi ina ya ma LP osamalika.

Katiriji yatsopano yoikidwa molakwika imaimba moipa kuposa yakale yoikidwa bwino, ndiye gawo ili musalithamangire. Galamafoni ikhale pamalo olimba, owongoka ndi levulo, osati pa kabati imodzi ndi sipika ya besi. Mawaya anayi a kumbuyo kwa katiriji ali ndi mitundu: woyera ndi wabuluu ndi a kumanzere, wofiira ndi wobiriwira ndi a kumanja. Akankheni ndi kopanira kakang'ono, ndipo musalole aliyense kuwotcherera ndi nthale pa timiyendo ta katiriji, chifukwa kutentha kumadula mawaya a m'kati omwe ndi owonda kuposa tsitsi. Kenako tembenuzani chitsulo cholemera cha kumbuyo kwa mkono mpaka mkono uyandame wokha mopingasa, ikani kagudumu ka manambala pa 0, ndiye mutembenuze chitsulo chonse kufika pa kulemera komwe opanga ananena. Pa VM95 ndi magalamu 2.0, pa 2M Red ndi 1.8. Kabatani ka anti-skate, koletsa mkono kukokeka kulowera pakati pa mbale, kaikeni pa nambala yomweyo. Mphwanu akagulenso kasikelo ka digito koyezera singano. N'kotchipa, ndipo manambala a pa mkono wakale sakhala oona nthawi zonse.

Anthu ambiri amaopa kulemera n'kupepukitsa mkono, poganiza kuti akuteteza mbale. Singano yopepuka kwambiri imagundagunda m'makoma a kanjira ndipo imawononga kuposa yolemera pang'ono. Ena amalakwira mbali inayo. Pa magalamafoni omwe amabwera kwa ine, si zachilendo kupeza ndalama yachitsulo itamatidwa ndi selotepi pamutu pa mkono kuti singano isadumphe, ndipo ukayang'ana pansi kandodo kaja kagona chafufumimba. Singano ikamadumpha, chifukwa chake chimakhala litsiro, kupendeka kwa tebulo, kamphira kouma kapena mkono wolimba. Ndalamayo imangobisa vuto uku ikulima mbale.

Chotsala ndi kulunjika kwa katiriji. Pa intaneti pali mapepala aulere otchedwa protractor. Kasindikizitseni pa saizi yake yeniyeni, osachepetsa kapena kukulitsa, ndipo muyeze ndi rula kutsimikiza. Pepalalo lili ndi timadontho tiwiri, pa mamilimita 66 ndi pafupifupi 121 kuchokera pakati. Sunthani katiriji m'mipata ya masikuluwu mpaka singano ikatera pa kadontho kalikonse, thupi la katiriji likhale lolingana ndi mizere. Chitani masana kuli kowala, galamafoni itazulidwa kumagetsi, ndipo musafulumire.

Zonsezi sizithandiza ngati mbale zili zakuda. Fumbi la m'chilimwe kuno ndi losalala ngati ufa ndipo limalowa pansi pa kanjira, kenako chinyezi cha m'dzinja chimaliumitsa pamodzi ndi chuku. Kuthetheka kwambiri komwe anthu amati mbale yakandika kumakhala litsiro lomweli. Musatsukire madzi a pamjigo. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, ndipo akauma amasiya mcherewo m'kanjira. Gulani madzi othira m'batire la galimoto, olembedwa distilled water, ndipo muwerenge botolo bwino kuti musatenge asidi. Donthezani kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira ziwiya mu lita imodzi, pakani ndi burashi yofewa motsata kuzungulira kwa kanjira, tsukuluzani ndi madzi omwewo opanda sopo, pepala la pakati lisanyowe, ndipo muimike mbaleyo pamthunzi m'nyumba kuti iume yokha. Padzuwa ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Singano ipukutidwe ndi kaburashi kouma kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Mukapeza mbale zolemera, zolimba ngati dothi lootcha, zolembedwa 78, zipatuleni. Zimenezo si pulasitiki, ndi shellac, imasweka ikagwa ndipo sipiriti amaisungunula. Kanjira kake n'kotakata, kamafuna singano yakeyake yonenepa, ndipo Technics yanu mwachidziwikire ilibe liwiro limenelo.

Posunga, mbale ziime chilili, zothinana pang'ono, osati zosanjikizana kapena zotsamira. Zikhale kutali ndi denga komanso khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa la masana, koma zisakhalenso pansi. Tonse tikukumbukira madzi a 2015, a 2019, a 2022 ndi a Freddy mu 2023. Shelefu yofika m'chifuwa m'chipinda chapakati ndiyo malo ake, ndipo chiswe muzichiyendera chifukwa chimakonda makatoni a mbale. Mbale yomwe inamira m'madzi isatayidwe. Pulasitiki yake saopa madzi, chofunika ndi kutsukuluza matope onse singano isanaiyandikire. Yopindika kwambiri musaisite kapena kuipanikiza pakati pa magalasi padzuwa. Kanjira kamasungunuka mbaleyo isanawongoke.

Mphwanu mumuuze agule m'sitolo yodziwika ya zoimbira ndipo atenge risiti, chifukwa singano zachinyengo zilipo. Ubwino wa zogula ku South Africa ndi woti magetsi awo ndi ofanana ndi athu, 230V pa 50Hz, kusiyana ndi pulagi yokha. Za ku America zimadya 120V, za m'dziko la Japan 100V, ndipo mukazilowetsa kukhoma kwathu popanda thiransifoma zimapsa. Katiriji ainyamule m'chikwama cha m'manja, isakhale pansi pa basi pomwe katundu amaphikika podutsa ku Tete. Muwonjezere lamba watsopano pa zoitanitsazo. Wakaleyo ayenera kuti anatamuka, ndipo mudzadziwira pa limba kapena kwaya ikamakoka mawu aatali, amamveka ngati akuyendayenda.

Pali zina zomwe simuyenera kulimbana nazo nokha. Ngati chitsulo cha galamafoni chikukugwirani magetsi, kapena mwamva fungo la kupsa, zulani pomwepo ndipo musayatsenso. Ngati mbali imodzi ili chete ngakhale mwasintha singano ndi kusinthanitsa mapulagi, waya waduka m'kati mwa mkono. Ngati mkono woyandama uja sukuyenda wokha mukaupemerera pang'ono, kapena ukugwedera m'khosi mwake, ndiye mabering'i. Ngati liwiro likusinthasinthabe lamba ali watsopano, vuto lili mu mota kapena mu tizipangizo toyendetsa mota. Zimenezi zimafuna mmisiri, ndipo odziwa magalamafoni mungawapeze msanga ku Limbe ndi ku Blantyre. Mumufunse kaye ngati anakonzapo mkono wa galamafoni, chifukwa wozolowera ma TV ndi mafoni amathamangira kuthira mafuta kapena kumanga masikuluwu a mabering'i, ndipo mkono womangidwa mopyola muyezo suchira. Ponyamuka, chotsani chitsulo cholemera cha kumbuyo ndi mbale yachitsulo yozungulira ija, mangirirani mkono pa mpando wake, phimbani singano, ndipo galamafoniyo muifungatire pamiyendo pokwera mapiri a Thabwa, isapite ku buti ya minibasi.

Munditumizire chithunzi cha nambala ya galamafoniyo, yomwe imayamba ndi SL, ndi china cha mutu wa mkono chojambulidwa cham'mbali, kuti ndikuuzeni saizi ya lamba ndi singano yoti mphwanu akafunse m'sitolo.